Chimene Chinawondetsa Vainess

Vainess Chigwenembe ankaopa khosi lake lomwe. Amayi ake, kwawo ku Ntcheu, anali ndi chithokomiro chachikulu ngati papaya, ndipo ankachibisa ndi kansalu ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Azakhali ake nawonso anali nacho. Vainess anakula akumva anthu akunena kuti anatengera amayi ake nkhope, mawu ndi kayendedwe, moti ankangodikira tsiku limene adzawatengere ndi khosi lomwe.

Tsikulo linamupeza ku Indianapolis, ku America, mu Ogasiti 2006. Ankadzola mafuta m'bafa pokonzekera kupita kuntchito pamene chala chake chinagunda kanthu kolimba m'munsi mwa kholingo, kakang'ono ngati nyemba. Atameza malovu kanakwera n'kutsikanso. Sanauze munthu. Mwamuna wake, Mervin, ankakhala ku South Bend, mzinda wina wakutali chakumpoto, kumene ankaphunzira uinjiniya masana n'kumagwira ntchito pafakitale ina madzulo, ndipo ku apatimenti yawo ya ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, ankabwerako Loweruka lina, lina ayi. Kwa dokotala Vainess sanafune n'komwe kupitako. Ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, ndipo zimene ankaona kumeneko zinamupatsa maganizo akuti madokotala a ku America akangomva za chotupa amayamba n'kunola mpeni.

Panyumba ya okalambayo panali nesi wina wochokera ku Korea amene pankhomaliro ankakonda kumwa msuzi wokhala ndi timasamba toterera ngati therere. Vainess atamufunsa, nesiyo anati zinali ndere za m'nyanja yamchere, zimene kwawo amapatsa amayi akangochira kuti abwezeretse mphamvu. Anatchula zambiri zimene zili m'nderezo, zolimbitsa mafupa, zothandiza m'mimba, komanso ayodini. Vainess anangomva mawu omalizawo. Anakumbukira zimene ankaphunzira ku pulayimale, ndi zimene wailesi inkalengeza pa nkhani ya mchere, kuti chithokomiro chimabwera munthu akasowa ayodini. Nesiyo anamuuza dzina la nderezo, koma pomafika Lachisanu n'kuti ataliiwala.

Anapitabe ku Lafayette Road, kufupi ndi golosale imene Amalawi ankagulako ufa woyera ndi nsomba zouma, n'kulowa m'sitolo ya anthu a ku Asia. Ndere zinali shelefu yonse, mapaketi ake olembedwa zilembo zimene sakanatha kuwerenga. Zina zinali zopyapyala ngati pepala, zina zofotafota ngati mfutso. Pansi penipeni panali zikuluzikulu, zokhuthala ngati lamba wachikopa, zoderako, zokhala ndi kaufa koyera pamwamba. Vainess anaona kuti ngati m'ndere muli mphamvu, ndiye kuti mphamvu yambiri ili m'zokhuthalazo. Mtsikana wapakauntala anamuuza kuti zimenezo ndi kombu, zimamera m'nyanja yozizira kwambiri ya kumpoto kwa Japan, ndipo anamusonyeza ndi zala kuti amangodula kachidutswa kochepa, kuponya mumphika kuti msuzi ukome, kenako n'kuvuula kachidutswako. Vainess anagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima anaseka anthu amene amagula ndiwo kuti azikazitaya.

Anayamba ndi nyemba. Zinapsa msanga, zinafewa bwino, ndipo zinakoma kuposa masiku onse. Koma iye sanagule nderezo chifukwa cha kukoma. Posakhalitsa anayamba kuwiritsa chigamba chonse chachikulu ngati chikhatho, kuthira madzi akewo mufulasiki n'kumamwa kuntchito m'malo mwa tiyi, ndipo chigambacho ankachiduladula n'kutafuna. M'khitchini munkanunkha ngati pamsika wa usipa mvula itagwa. Mervin akabwera n'kufunsa za fungolo, ankamuyankha kuti ndi zamasamba.

Pofika Okutobala, Vainess anali munthu wina. Ankadzuka kusanache ali ndi mphamvu zosowa nazo kochita. Ankagwira mashifiti awiri motsatizana, n'kubwera kunyumba kudzakolopa. Ankadya kwambiri koma masiketi ankamukhwepa. Kuzizira kutayamba, anzake atavala majekete ndi zipewa, iye ankatuluka ndi bulauzi yokha, thukuta lili pamphuno. Zonsezi anaziona ngati umboni woti mankhwala akugwira. Kanyemba kapakhosi kokha ndi kamene sikankasuntha, ndiye anawonjezera chigamba chachiwiri.

Lamlungu lililonse masana Amalawi ankasonkhana m'holo ina yobwereka kufupi ndi Beech Grove, kummwera kwa Indianapolis. Ankapemphera m'Chichewa, kuimba nyimbo zakwawo, kenako n'kudyera pamodzi zimene aliyense wabweretsa. Woyang'anira matebulo a chakudyawo, komanso china chilichonse chokhudza amayi, anali Mai Kachingwe, akazi a mkulu wampingo. Anali mayi wathupi, wa mawu ofewa ngati akutonthoza mwana, amene ankadziwa chaka chimene aliyense anafika ku America, mtundu wa viza yake, ndi chimene anathawa kumudzi. Nkhani za anthu sankazitcha miseche. Ankazitcha zofunika kupempherera.

Ndi iwo amene anayamba kumuyang'ana Vainess mosiyana ndi kale. Ankamupatsa moni atagwira dzanja lake nthawi yaitali, maso ali pamafupa a m'khosi, n'kumufunsa ngati bambo akubwerabe kuchokera ku South Bend. Pofika Khirisimasi nkhani inali itazungulira gulu lonse. Umboni unalipo wokwanira: kuwonda, thukuta, kuthamangira kuchimbudzi pakati pa ulaliki, tsitsi kuthothoka m'mbalimu, ukwati wa zaka zingapo wopanda mwana, ndiponso mwamuna wokhala yekha mumzinda wodzaza atsikana a sukulu. Dzina la matendawo panalibe analitchula. Ankangoti zijazi, kapena za masiku anozi, uku akutsitsa mawu.

Theka la amayi amenewo linkagwira ntchito m'zipatala. Ena ankafika kuholoko atavala yunifolomu, ndipo tsiku ndi tsiku ankayeza azungu kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwira mkono wa Vainess kuti amve mmene mtima wake unkathamangira, kapena kumufunsa chimene ankadya. Zimene anaphunzira ku koleji ankazisiya kuntchito pamodzi ndi magolovesi. Nyemba za Vainess, zimene kale zinkatha zoyamba, zinayamba kubwerera kunyumba zitangochotsedwa pang'ono pamwamba ndi alendo osadziwa kanthu. Akanyamula khanda la munthu, mayi wake ankakumbukira mwadzidzidzi kuti nthawi yoyamwitsa yakwana. Pokonza phwando la chaka chatsopano, anamuuza kuti chaka chino apume, kukhitchini anthu akwana.

Mu Januwale Mai Kachingwe anafika ku Lawrence ndi amayi ena awiri kudzamuchezera. Anakhala m'mphepete mwa mipando, majekete osavula, zikwama zili pamiyendo. Vainess atati awaphikire tiyi, anakana kuti anali pa kusala kudya. Anaimba nyimbo imodzi, kenako Mai Kachingwe anapemphera pemphero lalitali lopempha Mulungu kuti akhululukire amuna amene amabweretsa zachilendo m'nyumba, ndi kulimbitsa akazi amene amavutika chifukwa cha machimo a ena. Atanena ameni anamugwira Vainess pabondo.

"Mwana wanga, ife ndife anthu a Mulungu, sitiweruza munthu. Koma bambo akamakhala kutali, mkazi amayenera kudziwa pamene waima."

"Pamene ndaima pa chiyani, amayi?"

"Galasi muli nalo m'nyumba muno. Masiku ano kuli mankhwala, anthu akukhala nazo zaka. Chachikulu n'kuvomereza."

Vainess anawaperekeza mpaka pakhomo. Atasuzumira pawindo anawaona atakhala m'galimoto, injini ikulira, akupatsirana paketi ya mabisiketi.

Anatukwana yekha m'nyumbamo mpaka mawu anasasa. Koma mkwiyo utatha, mawu aja anatsala. Anaima pagalasi n'kuona zimene amayiwo ankaona: masaya olowa, maso otuluka, manja osakhazikika. Anali ataikapo m'manda asuweni ake awiri asanachoke ku Malawi, ndipo ankadziwa mmene matendawo amayambira. Anayamba kukumbukira tinthu tambiri. Mervin anali atachepetsa kubwera, ati chifukwa cha mayeso ndi misewu yoterera. Akabwera ankamuyang'ana mwakuba, n'kungonena kuti akudzipha ndi ntchito. Foni yake ikalira ankakayankhira pakhonde, kunja kukuzizira choncho.

Kukayezetsa kunali ndi zoopsa zake. Kuntchito anali atayamba kumuthandiza mapepala okhalira m'dzikomo mpaka kalekale, ndipo masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti wopezeka ndi kachilombo mapepalawo amamukaniza. Choncho Vainess anangokhala ndi mantha ake. Tulo tinatheratu. Mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu. Ndipo poti thupi linkafooka, anaganiza kuti likufunika chakudya champhamvu, ndiye anapitanso ku Lafayette Road kukatenga mapaketi ena a kombu. Pa zinthu zonse zimene anazikayikira m'miyezi imeneyo, mwamuna wake, anzake, ngakhale Mulungu, fulasiki yokha ndi imene sanaikayikire.

Loweruka lina mu Febuluwale Mervin anaimba m'mawa kunena kuti sabweranso, ali ndi ntchito ya pagulu. Vainess sanatsutse. Anadzaza fulasiki, kutenga makiyi, n'kulowa mumsewu wa 31 kulunjika kumpoto. Minda ya chimanga inali mbee ndi chipale chofewa mbali zonse, koma iye anatsitsa galasi la galimoto chifukwa ankamva ngati akupsa. M'tawuni ya Kokomo maloboti ankamuimitsa motsatizanatsatizana, ndipo pa lililonse ankaona manja ake akuvina pa chiwongolero. Njira yonse ankakonza zimene akanene kwa mkazi amene akamupeze kumeneko. Anali atamuumba kale m'maganizo, wamfupi, woyera, wa tsitsi logula.

Ku South Bend Mervin ankachita lendi chipinda m'nyumba yakale yamatabwa pamodzi ndi ophunzira ena a ku Malawi. Vainess anakankha chitseko osagogoda. Anapeza fungo la mazira okazinga, nsapato zili mbwee pakhomo, ndi mnzake wa Mervin wotchedwa Chester akuonera mpira atafunda bulangeti. Mervin anali m'chipinda chake cham'mwamba, yekha, atazunguliridwa ndi mabuku. Vainess anatsegula kabati, anasuzumira kunsi kwa bedi, ananunkhiza pilo. Munalibe chilichonse koma masokosi akuda.

Anatseka chitseko n'kuima patsogolo pake.

"Ndiyang'aneni bwinobwino, a Mervin. Anthu onse ku Indianapolis akudziwa chimene chikundidya, ine ndekha ndiye wotsalira. Mwandipatsa chiyani?"

Ankayembekezera kuti mwamunayo akalipa, kapena aseka, kapena afunsa kuti wanena zimenezo ndani kuti akamuone. Mervin sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kukhala pabedi pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Kenako anati, ndi mawu ang'onoang'ono, asathamangire kuganiza zoipa, mwina ndi kutopa chabe.

Vainess anafuna kuyankha koma mpweya unamuthera. Mtima unayamba kudumphadumpha mosalongosoka, chipinda chinapendekeka, ndipo anapezeka atakhala pansi atatsamira chitseko. Mervin ndi Chester anamunyamula kutsika naye masitepe n'kuthamangira naye kuchipatala.

Kumeneko anamulumikiza mawaya pachifuwa n'kumupatsa mankhwala oti mtima ukhazikike. Dokotala amene anabwera anali mayi wachitsikana, wosachedwa ndi nkhani. Anamuuza kuti atambasule manja n'kuona zala zikunjenjemera, anamuyang'ana m'maso, kenako anaima kumbuyo kwake n'kumugwira pakhosi, kumuuza kuti ameze. Anauza namwino kuti amutenge magazi. Apo Vainess, amene mantha a mapepala anali atamuchoka poona kuti akhoza kufa ndithu, anapempha kuti amuyezenso kachilombo, iye pamodzi ndi mwamuna wake. Dokotalayo anayang'ana Mervin. Mervin anavomera ndi mutu.

Zotsatira sizinachedwe, koma kwa Mervin zinali ngati chaka. Anatuluka kupita kuchimbudzi, anabwera, anatulukanso. Anaima pawindo milomo ikuyenda. Munthu amene kutchalitchi ankalowa ulaliki utayamba n'kutuluka usanathe, tsiku limenelo anapemphera mpaka thukuta kutsika m'khosi. Vainess ali gone pabedi ankamuyang'ana. Namwino atabwera n'kunena kuti onse awiri alibe kachilombo, Mervin anagwera pampando, anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, akungobwereza kuti Mulungu ndi wamkulu. Vainess naye anasangalala, koma chisangalalo chake chinali ndi kamchenga.

Dokotala uja anabweranso ndi nkhani ina. Anati vuto lili pa chithokomiro, chikugwira ntchito mopyola muyezo, ndiye chikuthamangitsa thupi lonse ngati galimoto yopanda mabuleki: mtima, m'mimba, thukuta, kuwonda, ngakhale mantha amene. Anafunsa ngati akumwa mankhwala ena alionse, a kusitolo kapena azitsamba. Vainess anati ayi. Anafunsa za zakudya, iye anati amadya zabwinobwino, ndipo amasamala kwambiri za thanzi lake. Mervin, amene tsopano anali atapeza mawu, anatchula za fungo la kukhitchini lija, n'kutulutsa fulasiki m'chikwama cha mkazi wake. Dokotala anatsegula, ananunkhiza, n'kufunsa kuti muli chiyani.

Vainess anafotokoza monyadira ndithu, kuyambira pa khosi la amayi ake mpaka pa zigamba ziwiri patsiku. Dokotalayo anamupempha kuti asonyezenso ndi manja kukula kwa chigamba chimodzi. Ataona, anakhala pansi.

Anamufotokozera mosakalipa. Anati ndere za m'nyanja si zoipa. Ndi chakudya chenicheni, muli mchere wa m'thupi wosiyanasiyana ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, ndipo anthu a m'mayiko ena akhala akudya kuyambira kalekale. Koma zimasiyana mitundu. Zimene ankamwa nesi wa ku Korea uja ziyenera kuti zinali zopyapyala zija, zimene ayodini wake ndi wocheperako. Kombu ndiye amakoka ayodini m'madzi a m'nyanja n'kumusunga wochuluka zedi, moti kachidutswa kochepa kamapitirira kutali zimene thupi limafuna pa tsiku, ndipo ukawiritsa, wambiri amatsikira m'madzi, madzi omwewo amene iye ankamwa ngati tiyi. Anawonjeza kuti ndere zimakokanso zina zosafunika zimene zili m'nyanja, ndipo pali mtundu wina wakuda, wonga timitengo, wotchedwa hijiki, umene mayiko ena anachenjeza anthu awo kuti asamadye chifukwa umasunga poizoni wa aseniki.

Vainess anatsutsa. Anati amayi ake anatupa khosi chifukwa chosowa ayodini, zimenezi ndi za m'mabuku, ndiye zingatheke bwanji kuti iye adwale chifukwa chomupeza.

Dokotala anati zonse ziwiri n'zoona. Munthu amene anakulira kumene ayodini ndi wosowa, chithokomiro chake chimazolowera kulimbirana kochepa kamene kapezeka, ndipo nthawi zina chimapanga timibulu ngati kamene kanali pakhosi pakepo. Timibulu timeneto tikalandira ayodini wochuluka mwadzidzidzi timagwira ntchito mosamvera thupi. Akanabwera mu Ogasiti muja, anatero dokotalayo, akanamuyeza magazi, kumujambula pakhosi, ndipo mwina akanangomuuza kuti azibwera kudzaonetsa kamodzi pachaka. Za mpeni panalibe anazitchula.

Anagona m'chipatalamo mpaka Lolemba. Anamupatsa mapiritsi a mtima ndi ena ofooketsa chithokomiro, n'kumuuza kuti nderezo asiyiretu, ndipo akaonane ndi katswiri ku Indianapolis. Pobwerera anayendetsa ndi Mervin. Anali wosangalala ngati mwana, ankaimba, ankaseka nkhani ya fulasiki, ndipo atamva za ulendo wa amayi aja ankalonjeza kuti akakawapeza Mai Kachingwe akawauza mawu. Vainess tsopano ankamva kuzizira koyamba m'miyezi yambiri, ndipo anadzikulunga jekete la mwamuna wakeyo. Atadutsa tawuni ya Plymouth, Vainess anatsitsa wailesi.

"Kuchipatala kuja munkaopa chiyani?"

Mervin anati aliyense amaopa poyezetsa, ndi mmene munthu alili.

"Ine ndinkaopa chifukwa ndinkadwala, ndipo sindinkadziwa chimene chikundidwalitsa. Inu simunkadwala."

Mervin anati anthu amatengera m'njira zambiri, kumeta, jakisoni wa kumudzi, munthu sungadziwe. Kenako anayamba kudandaula za lole imene inali patsogolo pawo, kuti ikuwaza matope pagalasi. Vainess anayang'ana kunja, minda ikudutsa, ndipo mpaka kufika ku Lawrence sanalankhulane china koma za mafuta a galimoto.

Kuchira kunatenga miyezi. Katswiri anajambula kanyemba kaja n'kutengako pang'ono ndi singano, ndipo anati si khansa. Manja analeka kunjenjemera, tulo tinabwerera, masaya anayamba kudzaza. Nesi wa ku Korea uja atamva anagwira pakamwa, n'kunena kuti kwawo ngakhale wamisala sangatafune kombu chigamba chonse. Mapaketi otsala Vainess anamupatsa iyeyo, ndipo nesiyo anati amukwanira zaka.

Kuholo ya ku Beech Grove nkhani inafika iye asanafike, kudzera mwa Chester. Lamlungu limene anabwererako, anapeza kuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaganizapo za kachilombo. Aliyense anali atadziwa kale kuti ndi chithokomiro. Wina anati anaonera maso, wina anati anaonera thukuta, ndipo ankangoopa kulowerera za eni. Mai Kachingwe anaimirira nthawi ya maumboni n'kuuza mpingo kuti iwo ndi amayi awiri anapita ku Lawrence atasala kudya, anagwada, ndipo lero onse akuona zimene pemphero limachita. Anthu anaomba m'manja. Pa nthawi ya chakudya nkhani inasanduka nthabwala. Abambo ankafunsa Vainess ngati m'nyembamo mulibe zinyalala za m'nyanja, amayi ankaseka kuti munthu wobadwira kumapiri a ku Ntcheu anayamba liti kudya za nsomba. Nyembazo zinatha zonse. Wopepesa panalibe.

Akupita kukakwera galimoto, mphika uli m'manja, anamva wina akumuitana motsitsa. Anali Mai Kachingwe, akubwera mothamanga pang'ono, akupuma mwabefu. Anayamba ndi kuyamikira Mulungu, kenako anayang'ana uku ndi uku. Anati mwana wawo wamkazi akukwatiwa mu Julayi, ndipo diresi limene anaitanitsa ku Chicago likukana kutseka kumsana. Ankangofuna kudziwa dzina la zinthu zija, sitolo yake, ndi kuchuluka kwake pophika. Sankafuna zambiri ayi, kungochepetsako pang'ono.

Vainess anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mmene iwo ankamuyang'anira muja. Anawauza kuti zinthuzo zinatsala pang'ono kumuimitsa mtima, kuti kuwonda kwake kunali matenda, ndiponso kuti kwa munthu wa msinkhu wawo, wa BP ngati iwo, zikhoza kukhala zoopsa koposa. Mai Kachingwe anamvetsera akumwetulira, n'kunena kuti matupi amasiyana, lawo ndi lolimba, ndipo iwo sangachite mopusa n'kumwa fulasiki yonse.

"Dzina ndaiwala, amayi," anatero Vainess. "Koma telala ndikumudziwa wabwino, ali pa 38th Street. Amakulitsa madiresi."

Anaika mphika kumbuyo n'kuliza galimoto. Kuholoko sanapondekonso.

Mu Meyi anapeza ntchito panyumba ina ya okalamba ku Mishawaka, pafupi ndi South Bend, ndipo anamuuza Mervin pafoni kuti afunefune apatimenti ya anthu awiri chifukwa akusamukira komweko. Sanamufunse maganizo. Mervin anati ndi nkhani yabwino kwambiri, anali akuganiza zomwezo. Tsiku losamuka anabwera ndi Chester ndi kagalimoto kobwereka, ndipo ankanyamula makatoni mwachangu, akuimba mluzu, akufunsa mkazi wake pafupipafupi ngati watopa. Akukweza matiresi, Vainess anamuuza kuti wasankha shifiti ya m'mawa yokhayokha, moti madzulo aliwonse azikhala pakhomo, ndipo masiku amene Mervin ali kufakitale azikamutenga yekha akaweruka.

Mervin anati zimenezo zithandiza, basi ya kumeneko ndi yosadalirika. Kenako anazungulira kuseri kwa galimoto kukamanga chingwe cha matiresi, ndipo anakhalitsa kumeneko, akumanga n'kumasula mfundo imodzimodziyo, mpaka Chester anamufunsa ngati akufuna thandizo.